Mitengo ya kuseri kwa tchalitchi: tidule tiwotchere njerwa kapena ayi?

Nachisale: Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Pepani ndalemba usiku, tulo takanika kubwera. Pali zinthu ziwiri zandikhala pamtima kuyambira Lamlungu. Choyamba ndi ulaliki wa mlendo uja. Anati namondwe Freddy, ng'amba ya 2024 ndi kutentha tikukuonaku ndi chikwapu cha Mulungu pa dziko lochimwa, ndipo za kusintha kwa nyengo ndi nkhani za anthu osapemphera. Anthu anawomba m'manja, ine manja anandilemera. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 9 amene ankayimba kwaya ya Sande Sukulu, tinamupeza m'matope ku Chilobwe patadutsa masiku atatu. Tinamuzindikira chifukwa cha diresi lachikasu limene ndinamusokera ndekha pa Khirisimasi. Ndiye ndifunse nawo, chikwapucho chinali cha tchimo lanji?

Chachiwiri ndi chilengezo cha komiti ya chitukuko, chakuti mibawa ndi mitangatanga ya kuseri kwa tchalitchi idulidwe tiwotchere njerwa za tchalitchi chatsopano. Pamtunda wonse uja mitengo yatsala ndi yomweyo, ndipo kunsi kwake kuli nyumba za akhristu athu omwe. Ine ndikuona ngati zinthu ziwirizi ndi nkhani imodzi. Tikanena kuti zonse ndi Mulungu, nkhwangwa imapepuka m'manja.

A Gama, mkulu wa mpingo: Mayi Nachisale, za mwana uja tonse zinatikhudza, ndipo ine ndinanyamula nawo bokosi. Palibe angakuuzeni kuti mwanayo analakwa. Koma mlendo uja sanapeke za m'mutu mwake. Pa Mateyu 24 Ambuye ananeneratu za njala ndi zivomerezi m'malo osiyanasiyana, ndipo 2 Petro 3:10 akuti dziko ndi ntchito zake zidzapsa. Dziko lino si kwathu.

Pa za mitengo, tsegulani Hagai mutu 1. Mulungu anadzudzula anthu chifukwa ankakhala m'nyumba zabwino pamene nyumba Yake inali bwinja. Pa vesi 8 anawalamula kuti akwere kuphiri, akatenge mitengo, amange nyumbayo. Mukapitiriza pa vesi 10 ndi 11 muona kuti chilala chinabwera chifukwa chosamanga. Tchalitchi chathu chikudontha, pa Mgonero amayi ena amakhala panja pamkeka, ndipo simenti yakwera mtengo moti zopereka zathu sizingafike pa mabuloko. Komiti sinadzuke m'mawa n'kungoganiza zodula.

Mayi a Chisomo: Zoona a Gama, mvula ikagwa timasuntha mabenchi katatu mapemphero asanathe. Komabe nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera pa mitengo ija. Mtima wanga uli pawiri.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndilowepo monga munthu wophunzitsa jogalafe, chifukwa apa tikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana.

Chinthu choyamba ndi cha dziko lonse. Malasha, petulo, dizilo ndi gasi zikamayaka zimatulutsa mpweya umene umasunga kutentha, ngati mmene chivindikiro chimachitira pamphika. Dziko latentha kale kupitirira digiri imodzi kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1800. Nyanja ikafunda nthunzi imachuluka, ndipo mpweya wofunda umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 pa 100 pa digiri iliyonse. Chinyezicho chikamagwa chimagwa mokhuthuka. Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, n'kumenya Madagascar, n'kulowa ku Mozambique kawiri. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona za nyengo padziko lonse la World Meteorological Organization linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wolembedwa m'kaundula amene anakhalitsa choncho. Kuno anthu oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo, ndipo omwalira pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000. Kumbukiraninso Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Gombe patangopita milungu yochepa.

Chinthu chachiwiri ndi chathuchathu: mvulayo ikafika, imapeza phiri lili bwanji? Masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimamwetsa madzi, mizu imagwira dothi. Phiri la Soche linametedwa, anthu analima ndi kumanga mpaka kumtunda. Pa choyamba chija mpingo wathu uli ndi mphamvu yochepa. Pa chachiwirichi mphamvu ili m'manja mwa komiti ya chitukuko sabata ino.

Yamikani: Aphunzitsi, mwafotokoza bwino koma ine zimandipweteka. Africa yense amatulutsa mpweya umenewu wosakwana 4 pa 100 wa dziko lonse. Amene analemera ndi malasha kwa zaka 200 ndi ena, amene akukwiriridwa m'matope ndi ife. Kenaka omwewo abwere atiuze kuti tisadule mtengo, tisawotche njerwa, tiphikire dzuwa. Mayi anga sanakwerepo ndege. Bwanji mlandu ukugwera mbaula yawo?

Nambewe ku Glasgow: Yamikani mwana wanga, mkwiyo wako ndi wolungama ndipo usautaye. Kuno mu 2021 kunali msonkhano wa maiko wokambirana za kusintha kwa nyengo wotchedwa COP26, ndipo mipingo inaguba nawo mumsewu pa mfundo yomwe wanenayo. Boma la Scotland linali loyamba kulonjeza ndalama zolipira zimene maiko osauka ataya chifukwa cha nyengo, ndipo zina zinafika ku Malawi kudzera m'bungwe la Akatolika la SCIAF. Chaka chotsatira, pa msonkhano wina ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zoterezi. Ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinawonongeka, ndiye mawu tisasiye kukweza. Koma ndikufunse: madzi akamatsika usiku kulowera kunyumba ya Mayi a Chisomo, adzayamba afunsa kuti wolakwa ndi Mzungu kapena Mmalawi? Ngongole ya olemera tiwakumbutse, mitengo yathu tiisunge. Ziwirizi sizilimbana.

Yamikani: Ndamva azakhali. Bola zisamathere pa ife okha.

Bambo a Tadala: Ine ndakhala chete chifukwa ndikudziwa kuti nkhani ya mitengo ikayamba, maso onse amatembenukira kwa ife ogulitsa makala. Ndinene poyera, ndimagulitsa makala. Ndimadzuka 2 koloko usiku, ndimakankha njinga ya matumba atatu pa zitunda, mapewa anachita zikang'a. Kawiri konse anandilanda njinga ndi katundu yemwe panjira. Ndikudziwa kuti lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 ndipo makala opanda chiphaso ndi mlandu. Koma ana anga anayi amadya makala omwewo, fizi ndi makala omwewo, chakhumi chimene ndimaponya m'mbale ndi makala omwewo, ndipo sichinabwezedwepo.

Nanga amagula ndani? Pa gulu lino alipo ambiri amene amandiyimbira foni. Chaka chija namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi akumazima tsiku lonse, ngakhale a makuka a magetsi ankandidikira pageti. Nsima ya pa msonkhano wa chitsitsimutso inaphikidwa pa nkhuni ndi makala. Ndiye mukamati kudula mtengo ndi tchimo, mundiuze ngati wochimwa ndine ndekha.

Nachisale: Bambo a Tadala, ine ndine mmodzi mwa okuyimbirani foniwo, ndipo sindinalembe kuti ndikulozeni chala. Mbaula yanga imayaka kawiri pa tsiku. M'dziko muno mabanja oposa 90 pa 100 timaphikira nkhuni kapena makala, ndiye palibe wa manja oyera. Chimene ndikukana n'chakuti mpingo, umene uli ndi nthawi yoganiza ndi kusonkha pang'onopang'ono, uchite zomwe munthu amachita chifukwa ana agona ndi njala. Inu mukukakamizidwa ndi mimba za ana. Ife monga mpingo chikutikakamiza n'chiyani kuti njerwa zipse chaka chino?

Jere ku Joni: Ndikutsatira kuchokera kuno. Mu Epulo 2022 madzi anapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira, ambiri okhala m'zisakasa za m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zitunda. Osauka ndi amene amayamba kufa kulikonse. Ngati nkhani ndi mtengo wa simenti, ife a kuno tilipo asanu ndi awiri ochokera mumpingo umenewu. Mutiuze kusiyana kwa ndalama pakati pa njerwa zowotcha ndi mabuloko, tione pamene tingafike.

Agogo Nasibeko (akulemba ndi mdzukulu wawo): Ana inu, ine kwathu ndi ku Phalombe. Mu Marichi 1991 ndinaona ndi maso anga phiri la Michesi likutsika. Kunamveka mkokomo ngati magalimoto ambiri, kenaka miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduzika, mitengo yathunthu itayima m'madzi ngati ikuyenda. Tinkati napolo wadutsa. Amayi anga ankasimbanso za napolo wa ku Zomba wa 1946. Nthawi imeneyo mapiri anali ndi mitengo yambiri kuposa lero, koma anagumukabe. Ndiye aphunzitsi musawanamize anawa kuti mtengo umaletsa chilichonse.

Chimene makolo ankadziwa n'chakuti napolo ali ndi njira yake, ndipo panjira yakeyo sumangapo nyumba. Madzi saiwala khwawa. Lero anthu amanga m'makwawa momwe chifukwa malo anatha. Chinanso, yendani m'midzi muone: mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha. Chifukwa chiyani? Chifukwa kumanda anthu amaopa. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi ya Mbona ilipo mpaka lero chifukwa cha ulemu womwewo. Ife tinalandira Uthenga Wabwino, mantha a mizimu tinawasiya, ndipo tinachita bwino. Koma pamalo pa manthawo tinayikapo chiyani? Zimandimvetsa chisoni kuti mtengo wa kumanda ndi wotetezeka kuposa mtengo wa pa tchalitchi.

Aphunzitsi a Mbewe: Agogo, mwandikonza bwino ndipo ndavomera. Mvula ikagwa yochuluka masiku angapo osaleka, ngakhale phiri la nkhalango limatha kugumuka, makamaka pamene dothi lakhala pamwamba pa thanthwe lotsetsereka. Ku Mulanje nthawi ya Freddy zinachitika. Mitengo imachepetsa ngozi, makamaka kukokoloka kwa chaka ndi chaka ndi liwiro la madzi, koma simalo mwa nzeru yosankha pomanga. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munaona napolo wamkulu kamodzi pa zaka zambiri, pamene ana a Fomu 1 amene ndikuwaphunzitsa aona kale anamondwe anayi.

Mayi Nangozo: Ine ndine Mkatolika, ndili pa gulu lino chifukwa cha amuna anga, ndiye mundilole ndiponyepo mawu. Kwathu nkhaniyi tinaikambirana m'miphakati Papa Francis atalemba kalata ya Laudato Si' mu 2015. Mfundo imene inandigwira ndi yakuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka ndi kulira kumodzi. Sindikuti Akatolika tonse tinasintha, ayi, majumbo amangoti mbwee pabwalo la tchalitchi ikatha Misa ngati kwina kulikonse. Koma kumphakati wathu tinagwirizana kuti mwana aliyense wobatizidwa, banja lake libzale mtengo ndi kuusamalira mpaka upitirire msinkhu wa mbuzi. Kubzala n'kosavuta, chovuta ndi Okutobala, pamene muyenera kusenza ndowa kukathirira kamtengo pomwe madzi akumwa akuvuta.

A Gama, mkulu wa mpingo: Zonsezi ndazimva, koma palibe wandiyankha za Hagai. Komanso Genesis 1:28 akuti mudzaze dziko lapansi, muligonjetse. Mulungu anatipatsa mitengo kuti itithandize. Ine ndimaopa chinthu chimodzi: tikayamba kulalikira mitengo, mawa tidzalalikira achule ndi mitsinje, ndipo mtanda udzasowa malo pa guwa. Aroma 1:25 amachenjeza za kupembedza cholengedwa m'malo mwa Mlengi. Ntchito ya mpingo ndi kupulumutsa mizimu. Za nkhalango zili ndi unduna wake.

Chikondi wa kwaya: A Gama, mwaulemu, Genesis yemweyo pa 2:15 akuti Mulungu anayika munthu m'munda wa Edene kuti aulime nauyang'anire. Ntchito imeneyi anapatsidwa tchimo lisanalowe. Bambo anga anali kapitawo pa esiteti ya tiyi, anali ndi ulamuliro pa munda wonse, koma sakanazula tiyi kuti amangire nyumba ya bwana popanda kufunsa mwini munda. Salimo 24:1 akuti dziko lapansi ndi la Yehova.

A Gama, mkulu wa mpingo: Mwini mundayo ndi amene tikumumangira nyumba, mwana wanga.

Abusa: Mtendere ukhale nanu nonse. Ndinali ku maliro kumudzi, ndawerenga zonse tsopano. Ndiyambe ndi inu Mayi Nachisale, chifukwa funso lanu ndi lolemera kuposa njerwa.

Pa Luka 13:4 Ambuye Yesu anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha. Anafunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha Yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Ambuye anakana kuti si iyeyo kapena makolo ake. Choncho palibe mlaliki amene ali ndi chilolezo choloza manda a mwana n'kunena kuti ichi ndi chikwapu. Guwa lija ndinapereka ndine, ndipo ndinayenera kuyimirira tsiku lomwelo n'kukonza mawu aja. Sindinatero. Pepani mayi, pepaninso kwa mchemwali wanu. Lamlungu likubwerali ndikonza pamaso pa mpingo wonse.

A Gama, inu ndinu munthu wa Malemba ndipo nkhawa yanu ya kupembedza cholengedwa ndi yoona. Sitidzagwadira mtengo mumpingo uno. Koma Hagai ankalankhula kwa anthu obwerera ku ukapolo amene anasiya kachisi ali bwinja chifukwa chotanganidwa ndi nyumba zawo. Tchimo lawo linali kusalabadira Mulungu. Anthu athu sali choncho, asonkha zaka zinayi kuchokera m'umphawi wawo. Ndipo Baibulo lomwelo lili ndi mawu ena. Pa Deuteronomo 20:19 ngakhale asilikali ozinga mzinda analetsedwa kudula mitengo ya zipatso. Pa Levitiko 25 nthaka inapatsidwa sabata lake chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo pa vesi 23 Mulungu akuti dziko ndi Lake, ife ndife alendo. Pa Ezekieli 34:18 akudzudzula nkhosa zimene zimamwa madzi oyera kenaka n'kuvundula otsalawo ndi mapazi, zinzake n'kumwa matope. Vesi limeneli ndimalikumbukira nthawi zonse ndikawoloka Mudi.

Za masiku otsiriza, inde Ambuye akubwera. Koma thupi langanso lidzafa, ndipo sindileka kulisambitsa ndi kulipititsa kuchipatala. Atesalonika ena anasiya ntchito podikira kubwera kwa Ambuye, Paulo anawabweza kuntchito. Yosefe atauzidwa za njala ya zaka zisanu ndi ziwiri sanangoti ndi chifuniro cha Mulungu, anamanga nkhokwe. A zanyengo akatichenjeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, kumvera si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Nachisale: Zikomo abusa. Ndawerenga kawiri, kenaka ndawayimbira mchemwali anga n'kuwawerengera. Kuyambira tsiku la maliro sanapondenso m'tchalitchi, chifukwa pamsasa paja wina anawauza kuti pakhomo pawo panali tchimo lobisika. Alira nthawi yaitali pafoni. Akuti Lamlungu abwera adzamve okha.

Mayi a Chisomo: Ambuye atamandike. Tidzawachingamira pageti.

A Gama, mkulu wa mpingo: Abusa, pa za mwana ndi mawu a mlendo ndagonja, Luka 13 ndi womveka. Pa za njerwa sindinagonje. Mitengo imaphukanso, koma anthu akatopa ndi kusonkha sabwereranso. Tawalonjeza kuti maziko ayamba mvula ikatha. Tikasintha lero, adzati ndalama zadyedwa. Inu mukudziwa mmene nkhani za ndalama zimapasulira mipingo.

A Kalua, mlangizi wa zaulimi: A Gama, nkhawa imeneyo ndi yeniyeni, koma pa mawu akuti mitengo imaphukanso ndiyankhepo, poti ndi ntchito yanga. Bulugamu ndi kesha zimaphukadi msanga. M'bawa wa msinkhu uja watenga zaka makumi angapo, ndipo amene anaubzala ambiri ali kumanda. Ukadulidwa, mvula ya zaka khumi zikubwerazi idzapeza mtunda uli pambalambanda. Onani mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu: unadulidwa mpaka waukulu kusowa paphiri, ndipo lero akuchita kubzala mbande ndi kuziteteza ku moto.

Chinanso, uvuni wa njerwa umadya kawiri. Umadya nkhuni, umadyanso dothi, chifukwa maenje okumba aja amasanduka zithaphwi za udzudzu ndi poyambira zigwembe. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zomanga zikuluzikulu. Njira zina zilipo: mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pa makina a manja, zosawotcha. Zimenezi achinyamata athu akhoza kuumba okha pamalo pomwepo, ndipo khoma lake silidya matope ambiri pomanga chifukwa njerwa zake ndi zofanana.

Bambo a Tadala, inu ndiye ndikukufunani kwambiri. Kumtunda kwa mitengo ija kuli zitsa zambirimbiri zimene zimaphuka chaka chilichonse, mbuzi ndi moto n'kumazibweza. Ku Niger, m'zaka za m'ma 1980, mmishonale wina wa ku Australia dzina lake Tony Rinaudo atalephera ndi mbande zobzala, anazindikira kuti zitsa zili ndi mizu yamoyo pansi. Anayamba kuphunzitsa alimi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa, kudulira zinazo, ndi kuziteteza. Minda yambirimbiri inabwerera mitengo popanda nazale. Mphukira ya pachitsa imakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ndi yakale, ndipo zodulirazo ndi nkhuni. Munthu wodziwa kusiyanitsa chitsa cha msuku, cha mthethe ndi cha mombo ali kutali, pa gulu lino ndi inu.

Bambo a Tadala: Zimenezo ndiye ndimazidziwa a Kalua, ngakhale usiku ndikhoza kukuuzani mtengo pongogwira khungwa. Chitsa cha mombo chimaphuka bwino mukachidula mopendeketsa kuti madzi asakhalepo. Palibe anandifunsapo zimenezi mumpingo muno. Koma ndinene chilungamo, makala sindisiya mawa, pokhapokha nditapeza china chodyetsa ana.

Mayi a Chisomo: Ife amayi tikhoza kuyamba ndi mbali yathu. Chitetezo mbaula ndinaigwiritsapo kwa apongozi anga ku Balaka, ya dothi ija. Nkhuni zitatu zing'onozing'ono nyemba zinapsa, utsinso wochepa. Pa misonkhano ya mpingo timaphika pa mafuwa mitolo yathunthu kutha. Bwanji bungwe la amayi tiphunzire kuumba, tizigwiritsa ntchito komanso tizigulitsa, phindu lipite ku thumba la simenti?

Yamikani: Achinyamata tikhoza kuumba njerwa zosawotchazo Loweruka lililonse ngati makina apezeka. Koma abusa, pempho langa ndi lakuti mukakumana ndi abusa anzanu ku mabungwe a mipingo, nkhani isamathere pa kupempherera mvula pa bwalo la masewero. Atsogoleri a mipingo amamvedwa akalankhula za chisankho ndi za katangale. Alankhulenso za malo, chifukwa anthu a ku Soche sanamange paphiri pofuna kuona mzinda bwino, anasowa pokhala. Alankhulenso za mtengo wa gasi ndi magetsi, kuti Bambo a Tadala asamasenze okha mlandu wa dziko lonse.

Abusa: Yamikani, ndalemba. Kupempherera mvula sitisiya, Eliya anapempherera ndipo inagwa. Koma zimene wanenazi ndikazitula.

Chikondi wa kwaya: Funso langa ndi kwa a komiti. Kodi odula mitengo aja munapangana nawo kale tsiku?

A Gama, mkulu wa mpingo: Tinapangana Lolemba likubwerali, ndipo tinawapatsa kale theka la ndalama ya ntchito ndi ya mafuta a makina ochekera.

Nachisale: Mayo ine. Lolemba lomweli?

Abusa: A Gama, ndikupempheni monga mbale wanga, osati molamula, poti chigamulo ndi cha akulu a mpingo onse pamodzi. Ayimbireni odulawo muwauze adikire milungu iwiri. Loweruka 2 koloko masana tikumane akulu a mpingo, komiti ya chitukuko, atsogoleri a amayi ndi achinyamata, komanso mabanja onse okhala kunsi kwa mitengo ija, kaya ndi a mpingo uno kaya ayi. A Kalua, mubwere ndi mitengo ya zinthu ya njira zonse zitatu yolembedwa papepala. A Jere, mutiuze pofika Lachisanu zimene abale a ku Joni angathe. Ngati mpingo utamva zonse udzasankhabe kudula, tidzadziwa kuti tasankha maso ali otsegula.

Jere ku Joni: Ndayamba kale kuwayimbira. Awiri avomera matumba a simenti asanu aliyense.

Nambewe ku Glasgow: Ine ndibweza ndalama imene yaperekedwa kwa odulawo ngati akana kubweza, kuti thumba la mpingo lisaonongeke ndipo a Gama asanenedwe.

A Gama, mkulu wa mpingo: Ndawayimbira, avomera kudikira. Maganizo anga sanasinthe, ndipo Loweruka ndidzanena zomwezi pamaso pa onse: tchalitchi chikudontha ndipo anthu atopa. Ndibwera ndi mabuku onse a ndalama kuti aliyense aone pamene tafika. Mayi Nachisale, musandione ngati mdani.

Nachisale: Ayi bambo, inu munanyamula bokosi la mwana wathu. Tidzatsutsana Loweruka, Lamlungu tidzadyera mbale imodzi pa Mgonero.

Agogo Nasibeko (akulemba ndi mdzukulu wawo): Musanayambe msonkhano wanuwo, wina adzanditenge pa njinga yamoto. Ndikufuna ndikakuonetseni pamene madzi ankadutsa kale tisanamange tchalitchi chakalechi. Zikhomo za maziko atsopano zija ndinaziona, ziwiri za kumadzulo mwazikhoma m'khwawa.

A Kalua, mlangizi wa zaulimi: Ndidzakutengani ndine agogo, 1 koloko. A Gama, mubwerenso ndi pulani ya nyumbayo ndi tepi yoyezera. Bambo a Tadala, tengani chikwanje chakuthwa, tikayambire kumtunda kuwerenga zitsa.